Kuti fayilo yanu ikatseguke bwino pa kompyuta ya wina

Ntchito yanga ndi yotayipa ndi kusindikiza mapepala, ndipo masiku ena ndimaitanidwa kukalumikiza pulojekita pa misonkhano ya m'mahotela ndi m'maholo a mipingo. Konseko mawu omwe ndimawamva kawirikawiri ndi akuti, "Koma kunyumba inali bwinobwino." Anthuwa sanama ayi. Kalata yofunsira ntchito inalidi ya tsamba limodzi pa laputopu yawo, koma pa kompyuta yanga dzina ndi posayinira zagwera pa tsamba lachiwiri. Mutu wa silayidi unalidi mzere umodzi, koma pakhoma la holo waduka pawiri n'kukwera pa chithunzi.

Chimachititsa n'chakuti fayilo ya Word kapena PowerPoint simanyamula zomwe maso anu akuona. Imanyamula malangizo chabe: apa palembedwe ndi zilembo zakutizakuti, zazikulu chonchi, pa pepala lalikulu chonchi. Kompyuta yolandirayo ndiyo imamanganso tsambalo ndi zipangizo zomwe ili nazo. Zili ngati kusiyira telala miyezo n'kumutchulira nsalu. Akakhala kuti nsaluyo alibe, amangosoka ndi yomwe ili pafupi osakufunsani. Choncho polemba, musamaganizire kompyuta yanu. Muziganizira kompyuta yakale kwambiri yomwe fayiloyo ingakagwerepo.

Wolandirayo akasintha mawu, kapena akangowerenga?

Funso limeneli liyankheni musanadine chilichonse. Ngati munthuyo akangowerenga, kusindikiza kapena kuonetsa, mutumizireni PDF basi. CV, kalata yofunsira ntchito, pulogalamu ya ukwati, kalata yoitanira anthu ku msonkhano, lipoti lomwe lamalizidwa, zonsezi zilibe chifukwa choyendera mu Word. Kampani ya Adobe inatulutsa PDF mu 1993 pofuna kuthetsa vuto lomweli. Chilichonse chimakhala chokhomereredwa pamalo pake, ndipo zilembo zimayenda limodzi ndi fayiloyo.

Mu Word ndi PowerPoint pitani pa File, kenako Save As, ndipo pabokosi la Save as type musankhe PDF. Mu Google Docs ndi File, Download, PDF Document. Mu LibreOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati Word ndi PowerPoint, ndi File, Export as PDF. Mukatero itseguleni PDF yo, muiyang'ane mpaka tsamba lomaliza musanaitumize.

Ena amangofufuta .docx kumapeto kwa dzina la fayilo n'kulembapo .pdf. Zimenezo sizisintha za mkati, ndipo wolandirayo amangouzidwa kuti fayilo yawonongeka.

Pa nkhani ya masilayidi ine ndimati nyamulani zonse ziwiri, PowerPoint ndi PDF yake. N'zoona kuti mu PDF kanema sasewera, mawu saulukira pakhoma mmodzimmodzi, ndipo timanotsi ta wolankhula sitionekamo. Koma PowerPoint ikakana, mumatsegula PDF mu Adobe Acrobat Reader, n'kudina Ctrl ndi L pamodzi, silayidi imadzaza khoma lonse, n'kumayenda ndi mabatani a mivi. Anthu ambiri mu holo sazindikira n'komwe kuti pasintha kanthu.

Timalembo ta kumapeto kwa dzina

Windows imabisa timalembo timeneti, pomwe ndi tomwe timakuuzani mtundu wa fayilo. Tsegulani File Explorer, pa View muchonge File name extensions. Pa Windows 11 mudzera pa View, kenako Show.

Mpaka Office 2003 mafayilo anali .doc, .ppt ndi .xls. Office 2007 ndiyo inabweretsa .docx, .pptx ndi .xlsx. Masiku ano, ngati mnzanuyo akasintha mawu, mutumizireni ya x kumapetoyo, chifukwa imatseguka mu Office kuyambira ya 2007, mu LibreOffice, mu Google Docs komanso mu WPS Office ya pa foni. Alipo omwe amasevabe mu .doc poganiza kuti yakale ndiye imalowa paliponse. Kale zinali zoona. Lero mumangodzipweteka, makamaka ophunzira omwe lipoti lawo lili ndi masamu: ma equation olembedwa mu Word yatsopano akasevedwa mu .doc amasanduka zithunzi zosasinthika.

LibreOffice, pulogalamu yaulere ija, imaseva mu .odt ndi .odp mukapanda kuiuza zina. Word ndi PowerPoint zimatha kuzitsegula, koma matebulo ndi manambala a mitu nthawi zina amaterereka. Sankhani .docx kapena .pptx pa Save As. Zovuta kwenikweni ndi .pages ndi .key za makina a Apple. Achibale a ku Joni ndi ku UK omwe ali ndi MacBook kapena iPad amakonda kutumiza zimenezi, ndipo Word ndi PowerPoint sizizitsegula. Musalimbane nazo. Apempheni atsegulenso kwawoko, apite pa File, Export To, asankhe Word, PowerPoint kapena PDF.

Nayo linki ya Google Slides si fayilo. Imafuna intaneti, imafunanso chilolezo cha mwini wake. Kutumiza linki kwa munthu wokaonetsa mu holo ya kumudzi komwe netiweki imagwira pansi pa mtengo umodzi wokha n'kumuika m'mavuto. Dawunilodani, mutumize fayilo yeniyeni.

Zilembo ndizo zimasokoneza kwambiri

Apa ndikhalitsapo, chifukwa masamba ambiri osokonekera omwe ndimawaona gwero lake ndi fonti, ndiye kuti mtundu wa zilembo. Word yakale inkayamba ndi Times New Roman. Office 2007 inasintha n'kuika Calibri. Mu 2023 Microsoft inalengeza fonti yatsopano yotchedwa Aptos, ndipo ogwiritsa ntchito Microsoft 365 amangopezeka akulemba nayo osaisankha. Tsono makompyuta ambiri omwe ndimakumana nawo m'maofesi ndi m'malo osindikizira ali ndi Office 2010, 2013 kapena 2016, ndipo Aptos mulibe. Word sichenjeza. Imangoikapo fonti ina mwakachetechete, pomwe bokosi la pamwamba likulembabe kuti Aptos. Fonti iliyonse ili ndi kunenepa kwake, ndiye mizere imadukira pena, ndime zimatalika kapena kufupika, masamba 40 n'kukhala 42, ndipo manambala a pa tsamba la zam'katimu sagwirizananso ndi mitu yake.

Ine ndimalangiza Arial kapena Times New Roman pa chilichonse chotuluka m'nyumba mwanu. Si zokongola kwenikweni, koma zili pa Windows iliyonse ndi pa Mac, ndipo LibreOffice ili ndi zolowa m'malo mwake zofanana nazo m'lifupi ndendende: Liberation Sans m'malo mwa Arial, Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman. Calibri nayo siyovuta pa Windows, ndipo LibreOffice imaikapo Carlito yomwe miyezo yake ndi yomweyo.

Posintha fonti mu Word, Ctrl ndi A imasankha mawu onse a m'thupi la chikalata, koma imasiya a m'mabokosi, a pamutu ndi pansi pa tsamba, ndi timawu ta m'munsi. Amenewo muwayendere paokha. PowerPoint ili ndi njira yachidule: pa Home, dinani kamuvi ka pambali pa Replace, musankhe Replace Fonts, ndipo imasintha masilayidi onse nthawi imodzi.

Nanga ngati fonti yokongolayo simungaisiye, mwina ndi ya chizindikiro cha bungwe lanu kapena ya khadi la chinkhoswe? Njira yodalirika ndi PDF. Ngati payenera kupita Word kapena PowerPoint, lowani pa File, Options, Save, muchonge Embed fonts in the file. Mu PowerPoint pansi pake pali zosankha ziwiri. Yoyamba imanyamula zilembo zokhazo zomwe mwagwiritsa ntchito, yachiwiri imanyamula zonse. Ngati mnzanuyo akawonjezera mawu, sankhani yachiwiriyo; mu Word ingosiyani yoyambayo osaichonga. Dziwani kuti mafonti ena eni ake anawatseka kuti asanyamulidwe, ndiponso mapulogalamu ena, makamaka a pa foni, salabadira zomwe mwanyamulazo. N'chifukwa chake pa silayidi musamadzaze bokosi mpaka pakamwa. Siyani mpata woti mzere ukatalika pang'ono usagwere pa chithunzi.

Foni musaikhulupirire pa kuwerengera masamba. Ndi yabwino poona ngati fayilo yafika ndiponso ngati ikutseguka, koma momwe yayalira mizere si momwe makina osindikizira adzayalire.

Ife olemba Chichewa tili ndi kavuto kathu kena, ka w wovala chipewa uja, monga mu Malaŵi kapena aŵiri. Arial, Times New Roman ndi Calibri zonse zili naye. Mafonti ambiri okongoletsa odawuniloda pa intaneti alibe, ndiye pamalo pake pamatuluka kabokosi, kapena chilembo chimodzicho chimaoneka chachilendo pakati pa zinzake. Mu Word ya pa Windows amalembedwa potayipa U+0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi; wamkulu ndi U+0174. Ka U+ ako musakasiye. Mukangotayipa 0175 pambuyo pa a kapena e, Word imatenga chilembocho ngati mbali ya nambalayo n'kukupatsani zina, ndipo m'mawu athu w ameneyu amabwera kawirikawiri pambuyo pa zilembo zomwezo. Mu PowerPoint n'chapafupi kumukopera kuchoka mu Word. Mukadzaona MalaÅµi pa mndandanda wa maina, dziwani kuti fayiloyo inadutsa mu CSV, mtundu wa fayilo ya mndandanda wa mawu okhaokha, kapena mu Notepad ndipo inawerengedwa molakwika. Poseva mafayilo otero sankhani UTF-8.

Kenanso ndi timizere tofiira. Word sidziwa Chichewa, ndiye imalemba mzere wofiira pansi pa liwu lililonse, ndipo mukatsegula fayiloyo pa pulojekita holo yonse imaona ngati mphunzitsi wachonga. Sankhani mawu onse, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, muchonge Do not check spelling or grammar. Chisankhochi chimayenda ndi fayiloyo.

Pepala ndi kayalidwe

Kuno timasindikiza pa A4, lomwe ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Kompyuta yomwe inaikidwa Chingerezi cha ku America imayamba ndi pepala la Letter, pafupifupi 216 ndi 279, lonenepa pang'ono koma lalifupi. Malaputopu ambiri a kaunjika amabwera choncho. Musanalembe liwu loyamba pitani pa Layout, Size, musankhe A4. Mukasintha mutamaliza kale, zonse zimasuntha.

Chizolowezi chomwe ndimadana nacho kwambiri n'chodina Enter kambirimbiri kuti mutu watsopano ukayambire pa tsamba lina. Pa kompyuta yanu zimaoneka bwino, koma fonti ikangosintha pang'ono mutuwo umapezeka pakati pa tsamba, kapena pamatsala tsamba loyera lopanda kanthu lomwe wosindikiza adzakulipiritsanibe. Dinani Ctrl ndi Enter kamodzi, basi. N'chimodzimodzi kukankha mawu ndi batani la mpata pofuna kulunjikitsa mitengo ya katundu kapena adiresi ya kumanja. Gwiritsani ntchito tebulo, ndipo ngati mizere yake simukuifuna, ibiseni. Zithunzi mu Word zimakhazikika bwino zikakhala pa In Line with Text. Zoyandama pakati pa mawu ndi zomwe zimathawira pa tsamba lina.

Ngati chikalata chadutsa m'manja mwa abwana kapena aphunzitsi, onani za Track Changes. Kusankha No Markup kumangobisa zosinthazo pa kompyuta yanu yokha. Wolandirayo akatsegula, zofufuta zonse ndi ndemanga zonse zimatulukira, kuphatikizapo mtengo woyamba womwe munautsitsa. Pa Review dinani kamuvi ka pansi pa Accept, muvomereze zosintha zonse, mufufutenso ndemanga. Kenako File, Info, Check for Issues, Inspect Document ikuuzani ngati patsala zobisika.

Otumiza mndandanda wa anthu mu Excel, manambala a foni oyamba ndi 099 kapena 088 amataya ziro wa kumayambiriro mukapanda kuika mzere wonsewo pa Text musanatayipe. Masikunso alembeni ndi dzina la mwezi, chifukwa 03/04 kuno ndi 3 April pomwe kompyuta ya ku America imawerenga March 4.

Mu holo

PowerPoint yakale inkapanga masilayidi a 4:3, ooneka ngati TV yakale ija. Kuyambira PowerPoint 2013 imayamba ndi 16:9, otambalala. Mapulojekita akale, omwe akadali ambiri m'masukulu ndi m'mipingo, ndi a 4:3, ndiye silayidi yotambalala imaoneka ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi, mawu n'kuchepa. Ngati n'kotheka funsani eni holo masiku akadalipo, musinthe pa Design, Slide Size, musankhe Standard (4:3) ndi Ensure Fit, kenako muyendere silayidi iliyonse. Koma mukazindikira msonkhano utatsala pang'ono kuyamba, zisiyeni. Mizere yakuda sinapwetekepo munthu, pomwe kusintha mothamanga kumasuntha zithunzi ndi mawu.

Funsaninso za chingwe. Cha VGA, cha mutu wabuluu wa timano 15, chimanyamula chithunzi chokha, mawu ayi. Ngati muli ndi kanema mufunika sipika yapadera. HDMI imanyamula zonse ziwiri. Malaputopu opyapyala a masiku ano ambiri alibe polowetsa VGA, ena ngakhale HDMI alibe, choncho kachipangizo kolumikizira kakhale kanukanu m'chikwama. Khoma likakhala lopanda kanthu mutalumikiza, dinani batani la Windows ndi P, musankhe Duplicate.

Kanema ndiye amachititsa anthu manyazi kwambiri. PowerPoint 2007 ndi zam'mbuyo mwake sizinkaika kanema mkati mwa fayilo, zinkangosunga njira yopita komwe ali pa kompyutayo. Kuyambira ya 2010 amalowa mkati mukadina Insert, koma mukasankha Link to File amatsalabe kunja. Poyesa, onani kukula kwa fayilo: ngati muli kanema wa mphindi zisanu koma fayilo yonse sikukwana 1 MB, kanemayo watsala kunyumba. Mtundu wosavuta ndi MP4 wa H.264. Ma iPhone kuyambira 2017 amajambula kanema mu HEVC ndi zithunzi mu HEIC, zomwe makompyuta akale a Windows amazikana. Pa foniyo lowani pa Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible musanajambule. Kanema wa YouTube woikidwa pa silayidi amafuna intaneti nthawi yoonetsayo. Ine ndimakopera kanema aliyense payekha mu foda yomweyo, kuti akakana mu PowerPoint ndimutsegule ndi pulogalamu yoonera makanema ya VLC.

Zovinavina za pakati pa masilayidi zichepetseni. Morph, yomwe achinyamata amaikonda, ndi ya PowerPoint 2019 kupita m'tsogolo komanso Microsoft 365. Pa zakale kwambiri imangosanduka Fade wamba, ndipo ngati mfundo yanu inadalira kuyenda kwa zinthuzo, yatayika. Pa File, Info, Check for Issues pali Check Compatibility, yomwe imatchula zinthu zomwe PowerPoint yakale kwambiri singazimve. Maholo athu ambiri alibe makatani ochindikala, ndiye masana mawu achikasu kapena otuwa saoneka. Mawu akuda pa silayidi yoyera, osachepera 24 kukula kwake, amawerengeka mpaka ku benchi ya kumbuyo.

Potumiza

Fayilo yolemera imadya bandulo ya mnzanu, ndipo Gmail salola chomata choposa 25 MB. Kawirikawiri zolemeretsa ndi zithunzi za pa foni. Dinani chithunzi chimodzi, pitani pa Picture Format, kapena Format pa Office yakale, kenako Compress Pictures, muchotse kachongi ka Apply only to this picture, musankhe 150 ppi. Pa khoma simuona kusiyana kwake.

Pa WhatsApp tumizani ngati Document, komwe amalola mpaka 2 GB ndipo sakhudza za mkati. Chithunzi chotumizidwa ngati chithunzi wamba chimafinyidwa, ndipo logo yodutsa m'magulu angapo imafika kwa wosindikiza itachita mbuu. Musajambule sikirini ya kalata n'kunditumizira kuti ndisindikize, tumizani kalatayo.

Dzina la fayilo linene chomwe chili mkati ndi tsiku lake, monga Lipoti-la-komiti-2025-03-14. Maina a "final", "final2", "final yeniyeni" ndiwo amachititsa kuti mu holo muonetsedwe ya dzana. Fayilo yochokera pa imelo ikatseguka ndi kansalu kachikasu ka Protected View pamwamba, sinawonongeke. Ngati wotumizayo mukumudziwa, dinani Enable Editing.

Fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri imatola kachilombo komwe kamabisa mafayilo n'kusiya timashotikati ta kamuvi pakona. Timeneto musatidine, chifukwa ndi momwe kachilomboko kamalowera mu kompyuta ina. Nthawi zambiri mafayilo anu amakhala alipo, angobisidwa, ndipo wodziwa makompyuta akhoza kuwatulutsa. Koma zimenezo si zochita anthu atakhala kale pa mipando, choncho dzitumizireninso fayiloyo pa imelo kapena pa WhatsApp yanu. Mukafika, ikopereni pa Desktop ya kompyuta yoonetserayo, musaonetse kuchokera pa fulashi, chifukwa wina akangoigunda ndi bondo kanema amaima.

Dzulo lake tsegulani fayiloyo pa kompyuta ina yosakhala yanu, makamaka yakale, mutazimitsa intaneti. Yang'anani mitu, matebulo, tsamba lomaliza ndi kanema aliyense pamodzi ndi mawu ake. Ndipo poti magetsi amatha kuzima pakati pa nkhani, jenereta n'kuchedwa kulira, sindikizani masilayidiwo papepala: pa File, Print, pomwe palembedwa Full Page Slides sinthani musankhe 6 Slides Horizontal. Masilayidi 24 amakwana pa masamba anayi, ndipo kope limodzi likhale m'manja mwanu, lina kwa apampando.